Kazenera ka Tsankho ndi Denga la Mnansi

Mau amene ananena mphunzitsi wa ku dera la Lukusuzi pa msonkhano wa aphunzitsi a m'masukulu a misyoni, m'dziko la Lundazi

 Ine ndine mwana pakati panu. Ambiri a inu munayamba kugwira coko ine ndisanabadwe, ndipo ena muli panowa ndinu amene munandiphunzitsa kulemba dzina langa. Cotero ndikaphophonya m'kunena kwanga, mundikonze monga mucitira mwana wanu.

Akomiti anandipempha kuti ndinene za ciyanjano ca mitundu ya anthu, za ufulu wa munthu m'dziko lace, ndi za kuthandiza mabanja osowa pogona. Poyamba ndinayesa kuti andisenzetsa akatundu atatu. Koma pamene ndinakhala pansi ndi kulingalira, ndinapeza kuti katunduyo ndi mmodzi, ndipo amene anandionetsa cimeneci ndi mwana wa m'kalasi langa.

Caka catha, m'mwezi wa Febuluwale, ndinali ndi mnyamata wina m'Giredi 5. Dzina lace sindichula. Mwanayu anali kuodzera tsiku ndi tsiku pa nthawi ya masamu, ndipo buku lace lolembamo linali lofufuma ndi madzi, zolemba zonse zitayenderera. Ndinamdzudzula kawiri, ndipo kacitatu ndinampatsa cilango cakusesa bwalo anzace atapita kwao. Anzacewo anali kumucha "wa m'chire", ndipo ndibvomera pamaso panu kuti tsiku lina, pakumva dzinalo, inenso ndinaseka.

Loweruka lina ndinapita kwao kuti ndikamneneze kwa makolo ace. Ndinapyola mudzi wonse, ndinapyolanso minda, ndipo kumapeto, pafupi ndi dambo, ndinapeza kanyumba kamodzi. Nsici zace zinali zodyedwa ndi ciswe, udzu wa padenga unali wobvunda, ndipo munthu ali m'katimo anali kuona thambo. M'menemo munali kugona gogo wina ndi adzukulu ace anai. Gogoyo anandiyalira thumba pansi nati, "Aphunzitsi, mukhale apa, mpando tiribe." Anandiuza kuti mvula ikagwa usiku onse amadzuka, nakhala tsonga mbali imodzi imene sidontha kwambiri, kufikira kunja kutaca. Mlandu umene ndinapita nao ndinabwera nao m'kamwa, pakuti ndinaona kuti ndinali kulanga mwana cifukwa ca denga.

Banja limeneli ndi limodzi la mabanja aja anatuluka m'nkhalango ya Lukusuzi. Inu mudziwa kuti nkhalangoyi inaikidwa kukhala malo osungirako nyama a dziko lonse m'caka ca 1972, ndipo kukula kwace ndi masikweya kilomita 2,720. Mudziwanso kuti anthu ofuna nthaka yabwino analowamo namanga midzi, ndi kuti kumapeto kwa caka ca 2015 boma linawatulutsa, ndipo anabalalikira m'maiko a mafumu ozungulira, monga a Chikomeni ndi a Mwasemphangwe. Sindinaime pano kuti ndiweruze mlandu umenewo. Lamulo losunga nyama ndi mitengo liri ndi cifukwa cace, ndipo mitsinje yathu idalira nkhalango imeneyo. Funso langa ndi lina: anthuwo atatuluka, ife anansi ao tinawalandira motani? Mnyamata wanga uja anatuluka m'nkhalango ali kumsana kwa amace, sadziwa kanthu za malire a paki, koma dzina lacipongwe analisenza ndi iye.

Tsopano tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono, pakuti makolo athu anailawa nkhani yotere, ndipo anailawa yowawa koposa.

Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa m'caka ca 1898, kampani ya North Charterland inayesa cuma cace dziko lalikulu la Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, ndi la Petauke. M'caka ca 1928 boma la atsamunda linadula malo ochedwa marizevu, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa kucoka m'nthaka yabwino kuti Azungu olima fodya apeze malo. Azungu amene anali kuyembekezekawo sanadze ambiri ai. Nthaka yolandidwa inasanduka chire, pamene m'marizevu anthu anali kupanikizana, nthaka niguga, madzi nasowa. Boma linaona lokha kuipa kwace, ndipo m'caka ca 1941 linagula malo a kampaniyo ndi kuyamba kubwezeramo anthu. Onani, aphunzitsi anzanga, kuti tsankho lisanafike m'sitolo linayamba ndi kuuza munthu kumene ayenera kumanga nyumba yace.

M'matauni zinali comweco. Munthu wakuda anali kuyenda ndi citupa, ndipo anayesedwa mlendo amene wadza kudzagwira nchito cabe. Lamulo la 1948 linakakamiza olemba anthu nchito ndi makhonsolo kuti apatse anchito ao nyumba, ndipo linalola kuti mwamuna akhale ndi mkazi wace m'tauni. Cimeneci cinali cabwino, koma nyumbayo inali yomangirira ku nchito. Nchito ikatha, nyumba yathanso, ndipo banja linali kulonga katundu. Ndico cimodzi ca zifukwa zimene anthu anayambira kudzimangira okha m'makomboni osaloledwa m'mphepete mwa Lusaka.

Cimene akulu athu akumbuka koposa ndi kazenera. M'masitolo ambiri a Azungu ndi m'nyumba zogulitsamo nyama munthu wakuda sanali kulowa pakhomo. Anali kuima panja, padzuwa kapena pamvula, napereka ndalama yace pa kazenera ka m'mbali, nalandira cimene mwini sitolo wamsankhira. Ndalama yace inali kulowa m'kabati imodzi ndi ya Mzungu, koma mwini ndalamayo anali kutsala panja. M'caka ca 1954 anthu a ku Lusaka, potsogozedwa ndi cipani ca African National Congress ca a Harry Nkumbula, m'mene a Kenneth Kaunda anali mlembi wamkulu, analeka kugula m'mabucala otere. M'caka ca 1956 kunyanyala kwa masitolo kunafalikira m'matauni ena. Ndipo m'caka ca 1960 kunaikidwa lamulo loletsa tsankho m'nyumba zodyeramo, m'mahotela ndi m'nyumba za kanema. Lamulolo litayamba kugwira nchito, Azungu ena a ku Kitwe anacita cipolowe poona anthu akuda alikukhala pa matebulo amene iwo anali kuwayesa ao okha. Apa tiphunzirapo kuti lamulo likhoza kutsegula citseko tsiku limodzi, koma mtima wa munthu ucedwa kutseguka.

Tikamaphunzitsa ana nkhani imeneyi tisaiwale mbali yace ina, kuti tingabzale udani m'malo mwa nzeru. Analipo Azungu amene anakana tsankho nalipira mtengo wace. A Simon Zukas anapitikitsidwa m'dziko muno m'caka ca 1952 cifukwa cakutsutsa Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anabwerera ufulu utadza, nakhala mbadwa ya Zambia kufikira imfa yao m'caka ca 2021. Abusa a Colin Morris a ku Chingola anatsegulira anthu akuda chalichi cao, ndipo anthu a khungu lao lomwe anawada naononga za m'chalichimo. A Stewart Gore-Browne a ku Shiwa Ng'andu anagwirizana ndi cipani ca UNIP, ndipo pamene anamwalira m'caka ca 1967 boma linawaika m'manda ndi ulemu wa dziko lonse. Citaganya cinatha pa 31 Disembala 1963, ufulu unadza pa 24 Okutobala 1964, ndipo atsogoleri athu sanasankhe kubwezera. Azungu ndi Amwenye amene anafuna kukhala anakhala. Zipatso zace tinaziona m'caka ca 2014, pamene a Michael Sata anamwalira, ndipo waciwiri wao, a Guy Scott, Mzungu wobadwira m'dziko muno, anagwirizira mpando wa Pulezidenti kufikira cisankho ca Januwale 2015.

Koma ufulu sunafolere nyumba ya munthu ali yense. Anthu anathamangira ku matauni, makomboni nakula, opanda madzi, opanda miseu. M'caka ca 1974 boma linaika lamulo lakuti makomboni ena abvomerezedwe, ndi kuti okhalamo apatsidwe cikalata cowalola kukhala pa malo ao zaka 30. Caka comweco Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inabwereketsa ndalama zokonzera Chawama, George, Chaisa ndi komboni ya Chipata mu Lusaka. Nzeru yace inali yakuti munthu akadziwa kuti sadzamgwetsera nyumba mawa, iye mwini adzaumba njerwa ndi kuikongoletsa. Munthu wokhala ndi mantha samanga nyumba yolimba.

Tsidya la nyanja, ku America, anthu akuda anayenda njira yofanana ndi yathu. Ku Montgomery analeka kukwera mabasi m'Disembala 1955, mai Rosa Parks atamangidwa cifukwa cakukana kupatsa Mzungu mpando, ndipo anayenda pansi masiku 381. Tikhoza kuuza ana athu mosanyada kuti a ku Lusaka anayamba kunyanyala mabucala a ku Montgomery asanayambe. A Kaunda anaonana ndi abusa a Martin Luther King m'caka ca 1960. Lamulo lalikulu la ufulu wa anthu linaikidwa kumeneko m'caka ca 1964, caka ca ufulu wathu comwe. Koma a King sanapume. M'caka ca 1966 anapita ku Chicago kukamenyera nkhondo ya nyumba, pakuti eni nyumba anali kukana kugulitsa kapena kubwereketsa nyumba kwa anthu akuda m'madera a Azungu, ndipo kumeneko anawaponya mwala m'mutu. Anaphedwa pa 4 Epulo 1968, ndipo lamulo loletsa tsankho pa nyumba linasainidwa pa 11 Epulo, patapita sabata imodzi yokha.

Pali nkhani ina ya kumeneko imene inandigwira mtima koposa zonse, cifukwa ndi ya alimi onga ife. M'caka ca 1942 mlaliki wina wacizungu, a Clarence Jordan, pamodzi ndi anzao anayamba munda wochedwa Koinonia pafupi ndi mzinda wa Americus m'dziko la Georgia. Pa mundapo akuda ndi oyera anali kulandira malipiro ofanana ndi kudya pa tebulo limodzi. Cifukwa ca ici cokha mpingo wao unawacotsa, anansi analeka kugula zokolola zao, sitolo yao ya m'mbali mwa mseu inaphulitsidwa, ndipo usiku anthu anali kuombera mfuti ku nyumba zao. Iwo sanathawe, ndiponso sanabwezere. M'caka ca 1968 a Jordan ndi a Millard Fuller anayamba kumanga nyumba pamodzi ndi mabanja osauka a m'deralo. Malamulo ace anali apafupi. Banja lofuna nyumba linali kugwira nao nchito yomanga. Linali kubweza mtengo wa nyumbayo pang'onopang'ono, popanda ciongoladzanja ndi popanda phindu kwa munthu ali yense. Ndalama zobwezedwazo zinali kumanga nyumba ya banja lina. A Jordan anamwalira m'caka ca 1969 nyumba yoyamba isanathe.

M'caka ca 1973 a Fuller ndi akazi ao a Linda anadza ku Afrika kuno, ku Mbandaka m'dziko la Congo, limene masiku amenewo linali kuchedwa Zaire. Malo amene anapatsidwa kumangapo anali ochedwa Bokotola, ndipo anali chire limene atsamunda a ku Belgium analisiya dala pakati pa mzinda kuti lilekanitse nyumba za Azungu ndi za anthu akuda. Pa malire a tsankho pomwepo ndi pamene panamangidwa nyumba za osauka. Atabwerera kwao anayambitsa bungwe la Habitat for Humanity m'caka ca 1976, ndipo bungweli linafika m'Zambia m'caka ca 1984, pakati pa asodzi a pa cilumba ca Kabuyu ku Kafue, ndi ku Malawi m'caka ca 1986.

Tsono wina adzati, "Mphunzitsi wacinyamatayu watiyendetsa maiko akutali, koma kuno ku Lukusuzi kulibe Mzungu wotitsekera citseko." Nzoona, ndipo sindifanizira zinthu zosafanana. Tsankho la masiku aja linali ndi lamulo, apolisi ndi ndende kumbuyo kwace. Lathu liribe zimenezo. Koma ndifunsa: pamene banja lipatsidwa malo kumapeto kwa dambo, ndipo zaka zipita osaitanidwa ku dima, osabwerekedwa cikombole, kodi si kazenera kameneko? Pamene mwana akhala pa benci la kumbuyo cifukwa anzace akana kukhala naye, ndipo mphunzitsi aona nakhala cete, kodi sitinamuimike panja? Ife a dziko la Lundazi ndife Acewa, Atumbuka, Angoni ndi ena, takwatirana, tiikana maliro, ndipo pa ici tiyamika Mulungu. Koma mtima wosankha sufa ai, umangofuna munthu wina womuikira malire.

Ndikuuzeni m'mene nkhani ya mwana uja inathera. Ndinapita kwa akulu a sukulu, ndipo pamodzi tinakagwada kwa amfumu a mudziwo ndi kwa komiti ya makolo. Sizinayende mosalala. Bambo wina anati, "Mukawamangira nyumba yabwino adzaitana abale ao, ndipo minda yathu idzatha." Gogo uja nayenso poyamba anakana, nati safuna kukhala coseketsa ca mudzi. Anabvomera pamene tinamuuza kuti iye ndi adzukulu ace adzamweta udzu ndi kutunga madzi a dothi, ndi kuti caka cinaco adzapita kukathandiza pa nyumba ya wina. Tinaumba njerwa m'Julai, tinaziocha m'Ogasiti, ndipo denga linakwera mvula isanagwe. Pa tsiku lokweza denga amai anaphika thobwa, ndipo bambo uja wotsutsa anadza ndi luzi lace, ngakhale sananene mau ambiri. Sindikunamizani kuti zonse zakoma. Dzina lacipongwe lija ndimalimvabe pa bwalo la mpira nthawi zina. Koma mwanayo saodzeranso, ndipo amene anali kumseka anaona atate ao ali padenga la nyumba yace. Ndinapepesa kwa iye pamaso pa kalasi lonse cifukwa ca cilango cija ndi kuseka kuja, ndipo ndikuuzani kuti kusenza njerwa kunali kopepuka koposa kupepesako.

Ndidziwa kuti pali zotsutsa zina. Ena a ife tigona m'nyumba zodontha, ena tibwereka kacipinda m'mudzi, ndipo kuyambira m'caka ca 2022, pamene maphunziro anakhala aulere, makalasi athu adzaza kotero kuti nchito yaticuluka. Cilala ca 2024 cinadya ndalama zimene mabanja ambiri anasungira malata. Zonsezi nzoona. Koma sindipempha kuti mphunzitsi akhale mmisiri wa nyumba, kapena kuti atulutse malipiro ace onse. Mphunzitsi ali ndi cinthu cimene ena alibe: ana a mudzi wonse apita pamaso pace m'mawa uli wonse, ndipo mau ace amveka kwa amfumu ndi kwa abusa. Iye ndiye ayamba kuona buku lonyowa.

Cifukwa cace ndiika pamaso pa msonkhano uno zopempha zisanu.

Coyamba, mphunzitsi ali yense ayendere makomo a ana atatu amene aoneka obvutika m'kalasi lace, ndipo acite ici dzinja lisanathe, pamene denga lodontha lioneka ndi maso. Apite monga mlendo waulemu, osati monga wofufuza milandu.

Caciwiri, zimene wapeza azitengere kwa akulu a sukulu, kwa komiti ya makolo ndi kwa amfumu, pakuti malo ndi a mfumu, ndipo nchito yolambalala eni mudzi siikhalitsa. Posankha banja loyamba tisafunse mtundu wace, mpingo wace, kapena kumene linacokera. Tifunse za denga lokha.

Cacitatu, tidzutse dima la makolo athu. Udzu umwetedwe moto usanalowe m'chire, njerwa ziumbidwe m'cilimwe, ndipo denga likwere mwezi wa Novembala usanafike. Banja lothandizidwa ligwire nao nchito monga mwa mphamvu zace, kuti nyumbayo ikhale yace ndithu. Ana a sukulu asacotsedwe m'kalasi kukaponda dothi. Nchito imeneyi ndi ya akulu.

Cacinai, bungwe lathu likhale ndi kathumba ka misomali, zitseko ndi mapepala a pulasitiki oyala pansi pa udzu. Wokhoza kubweza abweze pang'onopang'ono atakolola, popanda ciongoladzanja, ndipo nkhalamba ndi ana amasiye asaumirizidwe. Ndalamazo zilembedwe m'buku, ndipo ziwerengedwe poyera pa msonkhano uli wonse, kuti nchito yabwino ingafe ndi manong'onong'o.

Cacisanu, tiphunzitse ana nkhani ya kazenera, ya marizevu ndi ya anthu a makungu onse amene anakana tsankho, ndipo pomaliza phunzirolo tiwafunse kuti, "Nanga m'kalasi muno, ndani amene taimika panja?" Maina acipongwe tiwaletse, kuyambira pakamwa pathu.

Inu abusa mutiphunzitsa za Zakeyu, kuti kulapa kwace kunaoneka pamene anabweza zimene analanda ndi kugawira osauka cuma cace. Ciyanjano ca pakamwa pokha cimauma msanga ngati mame. Cimene cikhala ndi cija anthu aciona ndi maso ndi kucigwira ndi manja. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambi umenewu tiunena kawirikawiri pa nchito zina zonse, koma lero ndipempha kuti tiumve monga momwe uliri: denga lenileni, la mitengo ndi udzu, limene gogo ndi adzukulu anai sangathe kulikweza okha. Anatinso caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Makolo athu anasamutsidwa, anaima pa kazenera, ndipo analira kwa Mulungu kuti awaone. Ife ana ao tisakhale oimika ena panja.

Ndikhulupirira kuti pa msonkhano wathu wa kumapeto kwa caka sukulu iri yonse idzatiuza za nyumba imodzi imene yafoleredwa. Masukulu athu ndi ambiri, ndipo nyumba imodzi pa sukulu iri yonse ndi ana ambiri ogona tulo.

A Pampando, ndalankhula nthawi yaitali pamaso pa akulu. Zolakwa mundikhululukire, zabwino muzisunge.